Mawu a mu BOQ amene muyenera kuwadziwa ntchito isanayambe

Mayi, mwafunsa tanthauzo la mawu a Chingerezi amene mwawapeza m'chikalata cha mitengo chomwe kontrakitala wakupatsani, chimene amisiri amachitchula kuti BOQ, ndipo mwatchula hardcore, blinding, DPM, DPC, Y12, wall plate ndi retention. Ambiri mwa mawuwa akunena za zinthu zokwiririka pansi pa silabu kapena m'kati mwa khoma, choncho ndi bwino kuwadziwiratu, pakuti zikakwiririka simudzathanso kuona ngati zinaikidwadi.

Hardcore ndi miyala kapena zidutswa za njerwa zimene amathira m'kati mwa maziko n'kuzitsendera, ndipo mmisiri wosamala amatsendera pang'onopang'ono, mamilimita pafupifupi 150 nthawi imodzi, osati kukhuthula zonse n'kusalaza pamwamba pokha. Blinding ndi mchenga wothira pamwamba pa miyalayo kuti nsonga zake zisaboole DPM, lomwe ndi pepala lakuda la pulasitiki loyalidwa pansi pa silabu. DPC ndi pepala linanso lotchinga chinyezi, ndipo imayalidwa m'khoma mwenimweni, pakati pa mizere ya njerwa, pamsinkhu wosachepera mamilimita 150 kuchokera panthaka ya kunja, kuti chinyezi chisakwere. Mukaona nyumba penti ikusendeka m'munsi mwa makoma, pulasitala akuyoyoka, kawirikawiri cholakwika chinachitikira pamenepa, ndipo kupakanso penti sikuthandiza. Uzani kontrakitala kuti akuitaneni tsiku loyala mapepalawa, chifukwa mankhwala a chiswe amathiridwanso pepala la pansi lisanayalidwe.

Pa zitsulo, chilembo Y chikuimira chitsulo cholimba cha mizeremizere, R ndi chosalala chofewerapo, ndipo nambala ndi kunenepa kwake m'mamilimita. Y12 ndiye amagona m'bimu, pamene R6 kapena R8 amapindidwa kukhala stirrups, timphete tomanga zitsulo zazikuluzo pamodzi. Lintel imangodutsa pamwamba pa chitseko kapena windo, koma ring beam imazungulira nyumba yonse ngati lamba, ndipo ine sindingavomere kuti ichotsedwe pofuna kuchepetsa mtengo. Ndikutero chifukwa dziko lathu lili m'chigwa cha Rift Valley, momwe mumachitika zivomezi, ndipo zivomezi za ku Karonga mu Disembala 2009 zinang'amba ndi kugwetsa nyumba zambiri za njerwa. Pa kasakanizidwe ka konkire, mukaona 1:2:4, ndiye kuti muyeso umodzi wa simenti, iwiri ya mchenga ndi inayi ya kwale, choyesera chikhale chimodzimodzi. C25 ndi mphamvu imene konkire ayenera kufikapo pakatha masiku 28, ndipo curing ndi kumuthirira madzi kwa masiku osachepera 7, ntchito yotsika mtengo imene anyamata amaithawa bwana akachokapo.

Kudenga, wall plate ndi thabwa logona pamwamba pa khoma pomwe mitanda ya denga imatsamira, ndipo liyenera kumangiriridwa ku bimu ndi waya kapena hoop iron, kalamba kachitsulo kopyapyala, apo ayi mphepo ya mkuntho idzasasula denga lonse. Purlin ndi matabwa okhomerapo malata, fascia board ndi thabwa lotseka kumapeto kwa denga. Pa malata chenjerani ndi gauge, chifukwa nambala ikachepa lata limachindikala: 28 ndi lolimba kuposa 30.

Retention ndi ndalama zimene inu mumatsalira nazo pamalipiro alionse, kawirikawiri 5 kapena 10 peresenti, kufikira itatha nyengo yotchedwa defects liability period, yomwe imakhala miyezi 6 kapena 12, pamene kontrakitala amakonza zolakwika ndi ndalama zake. Pemphani miyezi 12 kuti nyumba idutse m'dzinja, popeza kudontha kwa denga ndi kukwera kwa chinyezi sizioneka m'chilimwe. Ngati m'chikalatamo mulinso provisional sum, dziwani kuti ndi mtengo wongoyerekeza wa ntchito imene sinayezedwe, ndipo mulipire zokhazo zimene zagwiritsidwadi ntchito, malisiti ali m'manja mwanu.