Funsani Amakaniko: Atachuna kompyuta, sipidomita yayamba kunama

FUNSO: Amakaniko, ndili ndi galimoto yothamanga ya giya wa otomatiki. Ndinakachunitsa kompyuta ya injini kuti mphamvu zichuluke, ndipo zachulukadi. Koma chichunireni, sipidomita ikuloza makilomita 84 pa ola pomwe GPS ya pafoni ikunena 100. Matayala ndi omwe aja. Amene anachunawo akuti iwo anangokhudza mafuta ndi turbo basi. Ndigule sipidomita ina? Wowerenga.

YANKHO: Musagule kanthu kaye, bwana. Kuwonjezera mafuta, kusintha nthawi ya moto wa mapulagi kapena kukweza mpweya wa turbo sikusuntha muvi wa sipidomita, apo wochunayo sakunama. Koma pochuna ambiri amalowetsa mukompyutamo fayilo yathunthu ya malangizo oyendetsera injini, ndipo m'galimoto zambiri, makamaka za Ford ndi General Motors, fayilo yomweyo imasunganso kukula kwa matayala ndi nambala ya magiya a difu (magiya otumiza mphamvu kumawilo), yosonyeza maulendo amene shafuti yochokera kugiyabokosi imazungulira kuti tayala lizungulire kamodzi.

Sipidomita siona msewu. Sensa ya pagiyabokosi imawerenga maulendo amene shafuti yazungulira, kenako kompyuta imagawa ndi nambala ya difu n'kuchulukitsa ndi mtunda umene tayala limayenda likagubuduka kamodzi. Nambala imodzi ikalakwika, liwiro lonse lalakwika. Tiyerekeze kuti difu yanu ndi 3.15 koma fayilo inachokera m'galimoto ya mtundu womwewo ya difu ya 3.73. Gawani 3.15 ndi 3.73, mupeza 0.84. Ndiye kuti pa liwiro lenileni la 100 muvi uloza 84. Manambala anu akugwirizana kwambiri ndi zoterezi, n'chifukwa chake ine ndikukayikira fayilo.

Tsimikizani motere. Pamsewu wowongoka, wopanda chitunda, yendani liwiro losasintha pa 40, 60 ndi 100 malinga ndi GPS, wina amene mwakwera naye azilemba zimene muvi ukuloza. Foni isakhale m'manja mwa woyendetsa. Mukaona 34, 50 ndi 84, kuperewerako kukukula limodzi ndi liwiro, ndipo vuto ndi masamu a m'kompyuta. Koma muvi ukamadumphadumpha, kapena kugwera pa ziro n'kudzukanso, yang'anani sensa, pulagi yake ndi mawaya. Nthawi zina waya amakhudzidwa pochotsa kompyuta. Ngati GPS simukuikhulupirira, gwiritsani ntchito wotchi: pa liwiro la 100, kilomita imodzi imatenga masekondi 36; pa 60 imatenga mphindi imodzi ndendende.

Kenako lumikizani kachipangizo ka OBD, kowerengera zimene zili mukompyuta ya galimoto, pasoketi ya pansi pa chiwongolero, muwerenge liwiro limene kompyuta ikuona. Likafanana ndi GPS koma muvi n'kusiyana kwambiri, vuto lili kudashibodi. Likafanana ndi muvi wonamawo, bwererani kwa wochuna. Muwapemphe atsegule fayilo yoyambirira, imene wochuna wosamala amasunga asanalembe chilichonse, aiike pambali pa yatsopanoyo, ndipo abwezeretse nambala ya difu ndi ya matayala. Mphamvu mwalipirazo sizichoka ayi. Ngati yoyambirirayo sanasunge, nambala ya difu ipezeka pachikwangwani cha difuyo kapena pogwiritsa ntchito nambala ya chasisi.

Mufunsenso mmene anachotsera malire a liwiro, ngati anachotsa. Galimoto zambiri za ku Germany zimatsekedwa pa 250, zogulitsidwa ku Japan pa 180. Ena m'malo mosintha malirewo mufayilo, amanamiza kompyuta poipatsa liwiro lochepa. Njira imeneyi ndi yachidule koma ndi yoipa.

Nkhaniyi musaizengereze. Sipidomita yoloza pansi ndi yoopsa kuposa yoloza pamwamba: mukaona 100 muli pafupifupi pa 119, ndipo mtunda woti muime watalika kwambiri. Lamulo nambala 39 la bungwe la United Nations (UN) lokhudza sipidomita, limene opanga galimoto ambiri amatsatira, sililola muvi kuloza pansi pa liwiro lenileni. Limaulola kupitirira ndi 10 peresenti kuphatikiza makilomita 4 pa ola. Komanso giyabokosi ya otomatiki imasintha magiya potengera liwiro lomwelo, choncho isintha pa nthawi yolakwika, ndipo makilomita olembedwa padashibodi aziperewera 16 pa 100 alionse. Oyilo muzimusintha mochedwa osadziwa.

FUNSO: Ine nditachunitsa ndinasinthanso matayala, kuchoka pa 225/45 R17 kupita pa 245/45 R18. Muvi ukuperewera pang'ono. Wolakwa ndi wochuna?

YANKHO: Ayi, ndi matayalawo. Loyambalo ndi lotalika mamilimita 634, lachiwirilo 678, kusiyana pafupifupi 7 peresenti. Tayala lalikulu limayenda mtunda wautali likazungulira kamodzi, ndiye kompyuta ikawerenga 100 inu muli pa 107. Izi zimachitika ngakhale m'galimoto zimene zimatenga liwiro kumasensa a kumawilo a ABS (makina oteteza mawilo kuti asamangike pomanga mabuleki). Wochuna atha kulemba kukula kwatsopanoko mukompyuta, kapena mu ABS ngati liwiro limachokera kumeneko. Galimoto ikakhala yosalola zimenezo, vekani 225/40 R18, amene ndi mamilimita 637, pafupifupi chimodzimodzi ndi akale aja.