Achemwali, za phokoso zisiyeni kaye, nkhani ili pa komwe zipolopolozo zikugwera

Achemwali, ndawerenga zomwe mwalembazi. Mwagula nyumba kunja kwa tauni ku Indiana kuno ku America, aneba anu amaombera mfuti kuseri kwa nyumba yawo Loweruka ndi Lamlungu, ndipo kumbuyo kwa chandamale chawo kuli mulu wa zipika ndi matayala basi. Kuseri kwa muluwo kuli kathengo, kenako bwalo lomwe ana anu amasewerera. Mwapeza kabowo pakhoma la shedi, koma wapolisi wa kwa sheriff (mkulu wa apolisi a kaunti, yomwe ili ngati boma kwathu) atabwera anangoti bamboyo ali pamalo pake. Mukufunsa ngati mupite nokha kukawadandaulira za phokosolo. Ndaona ena akuti ingopitani mukawauze mosapsatira, ena akuti gulitsani nyumbayo musamuke. Onsewa sindikugwirizana nawo.

Za phokoso musamazitchule n'komwe poimba foni. Kunja kwa malire a mzinda, m'makaunti ambiri a ku America munthu amaloledwa kuombera mfuti pamalo pake, ndipo Indiana, ngati zigawo zina zambiri, ili ndi lamulo loteteza malo oomberako mfuti ku milandu ya phokoso. Mukati "akutisokosera, mwana sakugona," wapolisi amamva kuti ndi mkangano wa anthu oyandikana, amapepesa n'kumapita. Mlandu wanu uli pa chipolopolo chodutsa malire n'kulowa kwanu. Ufulu wa munthu woombera umathera pa mpanda wake. Lamulo la Indiana, Indiana Code 35-42-2-2, limati kuchita chinthu mosasamala moika moyo wa ena pachiswe ndi mlandu, ukachita ndi mfuti mlanduwo umakula kukhala felony (mlandu waukulu), ndipo ukaombera m'nyumba yokhalamo anthu umakulanso kuposa apo. Nambala imeneyi muilembe penapake.

Ambirife tinakulira kumudzi komwe mfuti timaiona ndi apolisi ndi asilikali okha, ndiye mtunda womwe chipolopolo chimayenda sitiudziwa. Kamfuti kakang'ono ka .22, komwe ana a kuno amaphunzirira kuombera, pamabokosi ambiri a zipolopolo zake amalembapo chenjezo lakuti n'zoopsa mpaka mailosi imodzi ndi theka. Mfuti zikuluzikulu zosakira agwape, monga .30-06, zimaponya chipolopolo mamailosi pafupifupi 3 ngati mpope wadzutsidwa m'mwamba. Mu December 2011 ku Ohio, mtsikana wa zaka 15 wa mtundu wa Amish anafa ali pa ngolo ya hatchi akuchokera kuphwando la Khirisimasi. Yemwe anamuombera anali kutali mtunda woposa mailosi imodzi, ndipo sanamuone n'komwe: anangoombera m'mwamba pofuna kutsuka mfuti yake. Choncho aneba akamati "kwanu n'kutali," musawamvere.

Kathengo sikatchinga chipolopolo. Pakati pa mitengo pali mipata, ndipo masamba akayoyoka mu November mupeza kuti mukutha kuona denga lawo muli pakhonde panu. Zipika nazo zimafumbwa zikaomberedwa malo amodzimodzi mpaka chipolopolo kumangodutsa. Matayala opanda dothi mkati ndiye oipa kwambiri, chifukwa chipolopolo chofooka chimanjanja n'kulowera kosadziwika, chimodzimodzi pamwala, pamadzi, pachitsulo chokumbikakumbika, ngakhale panthaka youma ndi chisanu mu January. Chotchinga chenicheni ndi chulu cha dothi kapena mchenga wopanda miyala, chachitali kupitirira chandamale kwambiri, chotambalala mbali zonse, chokhala ndi mapiko awiri opindikira kwa woomberayo, ndipo chandamale chimaikidwa m'munsi pafupi ndi chulucho. Malo oomberako ovomerezeka amamanga chulu cha mafiti 20 kapena kuposa. Kamulu kofika m'chiuno si kanthu.

Kabowo ka pashedi kaja musakakhudze. Musakolowole chipolopolo ndi mpeni, musamate, musapente. Jambulani mbali zonse ziwiri mutaika ndalama yachitsulo pambali kuti kukula kwake kuoneke. Komwe chinalowera kumakhala kozungulira bwino, penti italowa mkati, pomwe kotulukira thabwa limanyenyeka n'kutuluka zibenthu. Mabowo awiriwo ndi omwe amaloza komwe chinachokera. Yang'ananinso m'kati mwa shedimo, mwina chinakakamira pamtanda kapena m'thumba la feteleza. Yenderaninso mitengo ya m'malire mwanu, tsiku lomwe sakuombera, muone ngati makungwa akusupuka mbali yoyang'ana kwawo. Akayamba kuombera, jambulani vidiyo muli pamalo panu, pobisalika kuseri kwa khoma la njerwa ngati lilipo. Chipolopolo chonjanja chimalira "fyuuu" ngati chikuimba mluzu, ndipo foni imagwira kulira kumeneko. Khalani ndi kope lolembamo tsiku, nthawi yoyamba ndi yomaliza, ndi zomwe mwamva.

Kenako lowani pa intaneti patsamba la mapu a kaunti yanu, lomwe limaonetsa malire a malo a munthu aliyense pamwamba pa chithunzi cha setilaiti. Lembani mzere kuchoka pomwe bamboyo amaima, kudutsa pa chandamale, mpaka pomwe ukukathera. Ukadutsa pabwalo panu kapena pafupi ndi nyumba, sindikizani pepalalo, mulembepo mtunda wake. Wapolisi yemwe anakugwedezerani mutu uja akaona pepala limeneli pamodzi ndi zithunzi za bowo, nkhani imasintha, chifukwa tsopano akalephera kuchitapo kanthu dzina lake lili pa lipoti.

Za lipotizo, nthawi iliyonse akabwera pemphani nambala ya lipoti ndi dzina la wapolisiyo. Akapanda kulemba, ndiye kuti pa mabuku awo palibe chomwe chinachitika. Zipolopolo zikamadutsa nthawi yomweyo, imbani 911 ndipo munene mawu ochepa omveka: zipolopolo zikulowa pamalo panga, pali ana. Masiku ena onse gwiritsani nambala yawo yosakhala ya ngozi. Akakunyalanyazani kawiri, pemphani kulankhula ndi sajeni, kenako lemberani kalata sheriff mwiniwake, poti iyeyo amachita kusankhidwa ndi mavoti ndipo kalata yonena za ana ndi zipolopolo safuna idzatulukire pa nthawi ya kampeni. Ofesi ya prosecutor (woimira boma pa milandu) wa kaunti ndi yomwe imagamula zotsegula mlandu, ndipo mutha kukasiyako mapepala anu. Ambiri amaiwalanso apolisi a zachilengedwe a DNR, nthambi ya boma la Indiana yoona zachilengedwe. Amenewa ku Indiana ali ndi mphamvu zonse za upolisi, ndipo poti ntchito yawo ndi ya alenje, akangoyang'ana mulu wa matayalawo amadziwiratu ngati ukutchinga kapena ayi.

Tsono funso lanu lenileni, lopita kukalankhula nawo. Kwathu tikanapita kwa amfumu, kuno kulibe. Kulankhula n'kofunika ndithu, ndipo nkhani zambiri zotere zimathera pomwepo, koma nthawi yake ndi malo ake musaphonye. Mu April 2023 ku Cleveland, Texas, banja lina lochokera ku Honduras linapita usiku kukapempha neba kuti asiye kuombera pabwalo pake chifukwa khanda linkafuna kugona. Munthuyo analowa m'nyumba mwawo ndi mfuti n'kupha anthu asanu, mmodzi wa iwo mwana. Sindikunena kuti aneba anu ndi otero, ambiri si otero. Koma musapite akuombera, musapite madzulo, musapite mukaona zitini za mowa ndi magalimoto a anzawo, ndipo musalowe pamalo pawo osakuitanani. Akumaneni masana pakati pa sabata, kumsewu pomwe pali mabokosi a makalata, muli ndi bambo akunyumba kapena munthu wina wamkulu.

Ngati pali neba wina wokhalitsa m'deralo amene amasaka nyama, muyambe mwacheza ndi ameneyo. Mlenje aliyense kuno anaphunzitsidwa lamulo lakuti usanaombere dziwa chomwe ukuloza ndi chomwe chili kuseri kwake, ndipo munthu woombera molunjika nyumba ya mnzake amanyozeka pakati pa anzake omwe. Mawu a mnzake wa mfuti adzawamva msanga kuposa a ife obwera. Polankhulapo musatsutse zoti ali ndi mfuti, mukatero mwatseka khutu lake. Muonetseni chithunzi cha bowo ndi mapu aja, mupemphe zinthu zitatu zotheka: atembenuze chandamale chiloze komwe kulibe nyumba, amange chulu chenicheni, ndipo azikutumizirani uthenga pafoni asanayambe. Ine ndikanafika pouza bamboyo kuti ndithandizako mtengo wa malole angapo a dothi. Ndikudziwa kuti ena pagulu pano anena kuti wolakwa ndi iyeyo, alipire yekha, ndipo akunena zoona, koma dothi ndi lotchipa kuyerekeza ndi loya. Muthanso kumukumbutsa kuti DNR ili ndi malo oomberako anthu onse, monga ku Kingsbury m'kaunti ya LaPorte.

Akakana, loya alembe kalata yotumiza pa certified mail (yomwe wolandira amasainira) yofotokoza za bowolo ndi mzere wa pamapu. Kuchokera tsiku lomwe wasainira kalatayo sangadzanenenso kuti sankadziwa, ndipo kampani yake ya inshuwalansi ya nyumba siingakondwe kumva zimenezi. Khoti litha kupereka chiletso ngati umboni ulipo. Ngati amalipiritsa anthu kuti adzaombere, kapena amaphunzitsa ena pamalipiro, kauzeni a ofesi ya zoning, yoona kagwiritsidwe ntchito ka malo, chifukwa imeneyo ndi bizinesi yofunika chilolezo chake.

Anzathu a m'zigawo zina musatengere za Indiana, malamulowa amasiyana kwambiri. Ku New York saloledwa kuombera pasanathe mafiti 500 kuchokera panyumba ya wina popanda chilolezo cha mwini. Ku Michigan, kwa inu a ku Niles ndi Berrien Springs, kuli malire a mafiti 450 koma amagwira pa kusaka, osati pa kuombera chandamale. Florida inaletsa mu 2016 kuombera kongosangalala m'madera okhala anthu momwe muli nyumba imodzi kapena kuposa pa ekala. Ku Texas, kuombera mwadala posaka kapena pongosangalala, chipolopolo n'kudutsa malire kulowa pamalo a wina, ndi mlandu pawokha.

Chenjezo lina ndi la ife obwera. Mukagwirizana, bamboyo atha kukuitanani mwaulemu kuti mudzayese kuombera. Amene ali ndi green card kapena unzika palibe vuto. Koma amene ali pa viza ya sukulu, ya ntchito kapena yongocheza, lamulo la dziko lonse limamuletsa kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo kupatula pazifukwa zochepa, monga kukhala ndi laisensi yosakira nyama. Mlendo wanu wochokera ku Lilongwe asagwire mfutiyo kuti ajambulitse cha pa Facebook.

Ngati mumamwa madzi a pachitsime chanu ndipo malo oomberawo ali kumtunda kwanu, funsani a zaumoyo a kaunti momwe mungayezetsere mtovu m'madzimo, poti zipolopolo zambiri n'zamtovu. Pakadali pano, mfuti ikangolira ana alowe m'nyumba, akakhale chipinda cha mbali yosayang'ana kwa anebawo kapena ku basement (chipinda cha pansi pa nyumba), kufikira chulucho chitamangidwa. Ndiuzeni kaunti yanu ku inbox, osati pagulu pano, tione limodzi ngati ili ndi lamulo lakelake la mtunda woomberera.