Kwa achimwene opita ku Dar es Salaam ndi timakina tawo

Achimwene, ndaliona funso lanu lija. Mwati mwapeza ntchito kukampani yotulutsa katundu padoko ku Dar es Salaam, ndipo mukufuna kudziwa choti munyamule pakati pa kamera, malenzi, laputopu, droni, PlayStation ndi invata, komanso dera loti mukafunefune nyumba. Za basi ndi mapepala anzathu ayankha kale, sindibwereza. Ine ndinagwirako ntchito kumeneko ndisanabwerere kuno ku Lusaka, ndipo matenda okonda timakina nanenso ndili nawo.

Chimene chidzakuwonongerani katundu kumeneko si magetsi, si akubanso kwenikweni. Ndi mpweya. Ife kuno tili pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pamene pamalekezera madzi a m'nyanja, ndipo kuyambira Meyi mpaka Okutobala mpweya wathu umauma gwa. Mdani amene tinamuzolowera ndi fumbi la mu Ogasiti, lomwe ukapukuta ndi kansalu nkhani yatha. Dar ili m'mphepete mwenimweni mwa nyanja yamchere. Mpweya wake ndi wachinyezi chaka chonse, ndipo mphepo yochokera kunyanja imabwera ndi timchere tosaoneka ndi maso. Timchere timeneti tikatera pachitsulo timakoka madzi a mumpweya, pamalopo pamakhala ponyowa usana ndi usiku, dzimbiri n'kuyamba. Mudzaona polowetsa chaja pafoni payamba kubiriwira, timapini ta batire ya kamera tachita mawanga, zipi ya chikwama yakana kuyenda. Palibe chimene chagwera m'madzi, koma zonse zikudwala.

Kamera ndi malenzi ndiye zimandidetsa nkhawa kwambiri pa katundu mwatchulayu. Mkati mwa lenzi mumamera chuku. Chimayamba m'mbali mwa galasi ngati ulusi wa kangaude, munthu osachiona mpaka tsiku loti waloza lenzi kunyali. Chikakhalitsa chimadya utoto wopyapyala umene opanga amapaka pagalasi, ndipo zikafika pamenepo ngakhale wokonza achichotse chipsera chimatsala. Chuku chimakonda malo amdima, achinyezi, opanda mphepo. Ndiye taganizani, ndi kuti kumene ambirife timasunga kamera? M'chikwama chake, chikwamacho n'kuchiika m'wadiropu, n'kutseka. Kuno ku Chelston kapena ku Kabwata palibe vuto. Ku Dar ndiye kuti mwachikonzera munda chukucho.

Choncho musanagule bedi, musanagule ngakhale mbale, gulani bokosi lapulasitiki lokhala ndi mphira pachivindikiro, lotseka osalowa mpweya. Muikemo silika jelo wambiri, timibulu tija tokoka chinyezi, wamtundu umene umasintha mtundu ukakhuta madzi, osati timapaketi tiwiri tochokera m'bokosi la nsapato. Muikemonso kamita koyeza chinyezi, n'kotsika mtengo. Cholinga n'chakuti mkatimo chinyezi chizikhala pakati pa 40 ndi 50 peresenti. Chikatsika kwambiri si bwinonso, chifukwa timafuta ndi timphira ta mkati mwa lenzi timauma. Silika akasintha mtundu, muumikeni mu uvuni pamoto wochepa n'kumubwezera. Ndalama zikadzayamba kulowa mungagule kabati yamagetsi yosungira makamera, imene imadzisamalira yokha, koma bokosi lija limagwira ntchito. Mmenemo muzisungamonso ma hard drive, mahedifoni ndi mabatire osungira. Lamba wachikopa wa kamera ndi chikwama chachikopa zisiyeni kuno. Chikopa chimachita chuku msanga, ndipo chimakapatsira zinzake.

Palinso china chimene anthu ochokera kumtunda chimatidzidzimutsa. Muofesi mumazizira ndi makina oziziritsa mpweya, panja kukuwotcha ndiponso kuli chinyezi. Mukatuluka ndi kamera yozizira, nthunzi imasanduka madzi pagalasi nthawi yomweyo, kunja ndi mkati momwe. Ovala magalasi amazidziwa izi. Mankhwala ake ndi kudekha basi: kamera ikhale m'chikwama chotseka kwa mphindi 20 kapena 30 kuti itenthe pang'onopang'ono, kenako muitulutse. Laputopu nayonso musaiyatse msangamsanga mukangochoka nayo pozizira. Ndipo kugombe musasinthe lenzi. Sankhani imodzi muli kunyumba, ikhale yomweyo mpaka mubwerere. Mukafika pukutani thupi la kamera ndi kansalu konyowa pang'ono ndi madzi abwino, kenako kouma.

Foni yanu mwati ndi ya IP68, nambala yosonyeza kuti imapirira fumbi ndi madzi. Musaidalire kwambiri nambala imeneyo. Poyesa amagwiritsa ntchito madzi abwino, odekha, foni ili yatsopano. Madzi amchere ndi nkhani ina, ndipo makampani akuluakulu monga Apple ndi Samsung amanena poyera kuti kuwonongeka kwa madzi sikuli m'gulu la zimene amakonza mwaulere. Ikadzagwera m'nyanja izimitseni, muitsuke pang'ono ndi madzi abwino kuti mchere uchoke, muiumitse pamalo odutsa mphepo, ndipo musailowetse chaja mpaka itauma ndithu. Za kuiika mumpunga zija n'zongodzisangalatsa. Mpunga suchotsa mchere, umangosiya tizidutswa m'mabowo. Kutentha nakonso kumadya batire. Opanga mafoni ambiri amati foni igwire ntchito potentha mosapitirira madigiri 35, ndipo m'galimoto yoima padzuwa mu Januwale kapena Febuluwale mumapitirira pamenepo kutali.

Nkhani ya nyumba ikugwirizana ndi zomwezi. Ndikudziwa mtima ukufuna zenera loyang'ana kunyanja, nanga si ife kwathu tinangozolowera Kariba ndi dziwe la ku Goma Lakes. Koma nyumba yoyandikana ndi gombe ndiyo imalandira mchere wambiri. Ku Masaki ndi ku Oyster Bay mitengo yake idzakuthamangitsani yokha. Ku Kigamboni n'kotsikirako, magombe ake ndi abwino, ndipo ngati ntchito yanu ili chaku Kurasini pafupi ndi doko, mlatho umene anautsegula mu 2016 umafupikitsa ulendo. Mukasankha kumeneko, lowani mkati ndithu, osati mzere woyamba wa nyumba. Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana ku Sinza, Mwenge, Ubungo kapena Kimara. Chinyezi chiliko, koma mchere ndi wochepa, ndipo kuchokera ku Kimara ndi Ubungo kuli mabasi othamanga a mwendokasi amene anayamba mu 2016, okhala ndi msewu wawowawo mpaka ku Kivukoni. Amadzaza koopsa m'mawa, koma amakupulumutsani kumzere wa magalimoto wa pa Morogoro Road, umene ungakuchititseni kuyamikira Great East Road yathuyi.

Poyendera nyumba, yang'anani m'munsi mwa makoma. Mukaona utoto ukusupuka kapena mzere wosonyeza pamene madzi anafika, thokozani mwininyumba muzipita. Mvula yaikulu imagwa kuyambira Malichi mpaka Meyi, yaing'ono chakumapeto kwa chaka, ndipo madera otsika a m'mbali mwa mtsinje wa Msimbazi, monga ku Jangwani, amasefukira kawirikawiri. Chipinda cham'mwamba chokhala ndi mazenera mbali ziwiri n'chabwino kuposa chapansi chokongola. Funsaninso ngati nyumbayo ili ndi mita yakeyake ya LUKU, yomwe ndi mita yolipiriratu ngati mayunitsi athu a ZESCO. Mita yogawana ndi anthu ena imabweretsa mikangano, makamaka akadziwa kuti muli ndi PlayStation ndi sikirini yaikulu.

Invata ndi mabatire ake asiyireni a kunyumba. Ndikumvetsa, tonse tinagula zimenezi mu 2024 chilala chitatsitsa madzi ku Kariba, ndipo munthu amene wagona mumdima sakhulupiriranso malaiti a kulikonse. Koma n'zolemera, pandege sangakulolezeni, ndipo pabasi zikafika zitagwedezeka njira yonse ya Nakonde ndi Tunduma. Ku Tanzania chaka chomwecho anayamba kupanga magetsi padamu lalikulu la Julius Nyerere pamtsinje wa Rufiji, la mamegawati 2,115. Magetsi amathimabe nthawi zina, koma ka UPS kakang'ono ka rauta (kabatire kogwirizira magetsi akathima) ndi soketi yoteteza ku magetsi obwera mwamphamvu n'zokwanira poyambira. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana ndi yathu, mavolti 230, ndipo pulagi yathu ya mano atatu imalowa bwinobwino.

Droni nayonso ndingati itsale kaye. Kuti muulutse kumeneko pamafunika kulembetsa ndi kupeza chilolezo ku TCAA, bungwe loyang'anira za ndege, ndipo malo amene munthu angalakelake kujambula ali m'mwamba, doko, Kivukoni, pakati pa tauni, ali pafupi ndi nyumba ya boma ndi malo ena otetezedwa. Mlendo wongofika kumene, chitupa cha ntchito chikadali chatsopano, asayambe ndi kufotokozera apolisi za kandege. Mukakhazikika ndi kudziwa njira yake, mudzabwera kudzaitenga pa tchuthi. Ngakhale ndi kamera yapamanja, padoko pomwe mukagwire ntchitopo musajambule osapempha.

Za netiweki n'zosavuta. MTN kulibe. Kuli Vodacom ndi M-Pesa yake, Airtel, Halotel, ndi Yas yomwe kale inali Tigo. Polembetsa SIM tengani pasipoti, ndipo pitani kushopu yeniyeni ya kampaniyo, osati kwa mnyamata wa pansi pa ambulera amene angakupatseni nambala yolembetsedwa m'dzina la munthu wina. Nambala yanu ya kuno musaitaye, chifukwa mauthenga a banki amabwera pamenepo. Foni ya ma SIM awiri ndiyo yothandiza. Intaneti m'tauni ndi yabwino, nanga si zingwe za pansi pa nyanja zimatulukira pomwepo: SEACOM inafika mu 2009, EASSy mu 2010. Mu Meyi 2024 zingwezi zitaduka, East Africa yense anavutika masiku angapo, ndiye ntchito yofunika muzikhala nayo pakompyuta pomwepo, osangodalira kuti ili pa intaneti. Ngati mumagwiritsa ntchito VPN, pulogalamu yobisa kumene mukulowera pa intaneti, funsani a IT kuntchito kwanu, chifukwa mu 2023 bungwe la TCRA, loyang'anira za mafoni ndi intaneti, linalengeza kuti ogwiritsa ntchito VPN azidziwitsa bungwelo.

Kariakoo, dera la msika waukulu wa mumzindamo, ndiye kumene mukasiye malipiro anu mukapanda kudzigwira. Tengani Katondo Street, Town Centre ndi Kamwala, muziphatikize, mudzapezabe kuti zachepa. Ena mwa mafoni, machaja ndi timakava tomwe timagula kuno amadutsira komweko. Chaku Aggrey Street ndiye kwadzaza zamafoni. Malamulo ake ndi omwe mumawadziwa kale: imbani *#06# muone ngati IMEI, nambala yozindikirira foniyo, ikufanana ndi ya pabokosi, funsani mosabisa ngati foniyo ndi yatsopano kapena yokonzedwanso, yesani kamera, sipika ndi chaja muli pomwepo, ndipo tengani lisiti. Pitani ndi mnzanu wa kuntchito wodziwa Chiswahili maulendo oyambirira, chifukwa mtengo umakwera akangomva kalankhulidwe kanu. Chiswahilicho musachiope, ife a Chichewa timachigwira msanga. Koma zodula, monga laputopu kapena lenzi, ine ndimakonda kugula kwa ogulitsa ovomerezeka ngati a ku Mlimani City, kuwonjezera pang'ono kuti ndikhale ndi kobwerera zikavuta. M'bajaji (kagalimoto ka matayala atatu) kapena m'galimoto yotsegula zenera, foni ikhale m'thumba. Othyola amakhala panjinga zamoto, ndipo samachedwa.

Musaganize kuti ndikukuopsezani. Kwa munthu wa kamera, mzinda uja ndi wopatsa. Dzuwa limatulukira m'nyanja, ndiye kujambula kwabwino n'kwa mbandakucha: ku Coco Beach, kapena kumsika wa nsomba wa ku Kivukoni pamene mabwato akufika ndipo malonda akokerana mitengo. Kumsikako pemphani kaye, ena safuna kujambulidwa, ena amafuna kenakake. Madzulo pitani ku Slipway, komwe gombe limayang'ana kumadzulo ndipo dzuwa limalowera kutsidya kwa Msasani Bay. Pomwepo pamanyamuka maboti opita kuchilumba cha Bongoyo. M'botimo madzi amathovokera mkati, choncho kamera ikhale m'thumba losalowa madzi mpaka mutatsika. Zanzibar ndi ulendo wa maola awiri pa boti lothamanga. Ndipo mudzasankhe msanga pakati pa matimu a mpira a Simba ndi Yanga, chifukwa kuofesi adzakufunsani tsiku loyamba. Mukanena kuti ndinu wa ku Zambia akutchulirani Clatous Chama, amene wasewerapo matimu onse awiri, mwina n'kukutsitsirani mtengo wa chaja.

Ponyamuka, ngati mukukwera ndege, ma power bank ndi mabatire a kamera akhale m'chikwama cha m'manja, osati m'sutikesi yopita pansi. Malire ake ndi 100Wh, ndipo power bank ya 20,000mAh ili cha m'ma 74Wh, ndiye imadutsa. Ngati mwasankha sitima ya TAZARA kuchokera ku Kapiri Mposhi, ndi makilomita 1,860, ndipo power bank yodzaza idzakuthandizani kuposa china chilichonse m'chikwamamo. Njira ina iliyonse, lembani manambala a siriyo a kamera, malenzi ndi laputopu, mujambule malisiti ake musunge pafoni. Pamalire angafune umboni woti ndi zanu zogwiritsa ntchito osati zamalonda, ndipo podzabwerera kuno mudzafunanso kusonyeza kuti munachoka nazo. Zithunzi zanu zakale zikopereni pa hard drive ina, imeneyo muisiye kuno kwa mayi kapena kwa mlongo wanu, m'kabati youma.