Dziko losauka lingathe, achimwene

Achimwene, mwafunsa ngati dziko losauka lingathe kumaunika lokha mankhwala ndi makina achipatala lisanagule. Lingathe ndithu. Ndalama yogulira sikana imodzi yodula (makina ounikira m'thupi) ndi yomweyo ikanagula mankhwala a malungo kuchipatala chakumudzi, ndiye kuwerengera n'kofunika.

Taonani Thailand. Mu 2007 unduna wa zaumoyo kumeneko unakhazikitsa HITAP, kagulu ka akatswiri oyerekeza phindu la chithandizo ndi mtengo wake. Zomwe amapeza zimathandiza boma kusankha mankhwala olowa pamndandanda wake, ngakhalenso kunenerera mitengo.

Kwathu kuno HEPU, nthambi yofufuza za chuma pa zaumoyo ya ku yunivesite ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS), inayambapo kale ntchito yotereyi, mothandizana ndi University of York. Chondidetsa nkhawa ine si maphunziro ayi, koma kuti akatswiriwo azifunsidwa kontirakiti isanasainidwe, osati makina atafika kale m'mabokosi.