Bwanji ulendo wa nduna umasinthasintha tsiku?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Luwinga, kuno ku Mzuzu. Akufunsa kuti nduna yoona za ubale wa dziko lino ndi maiko ena ikamapita kunja pa nkhani yomwe ikukambidwabe, tsiku amalisankha bwanji, nanga n'chifukwa chiyani ulendo umalengezedwa kenako n'kuimitsidwa.

Amayi, tsiku limachokera pa chikalata cha zokambiranazo. Akuluakulu a unduna ku Capital Hill ndi akazembe athu ndiwo amayamba kulimbana ndi anzawo a dziko linalo, mwina miyezi ndithu. Mawu alionse omwe sanamvane amawatsekera m'mabulaketi. Mabulaketiwo akadali mbwee, nduna ikapita ndiye kuti yangopita kukajambulitsa, ndalama za misonkho n'kupita pachabe. Akatsala awiri kapena atatu, aja ofuna wandale woti anene kuti apa tigonja, apa toto, mpamene unduna umatumiza kalata yotchedwa note verbale kudzera ku ofesi ya kazembe, n'kutchulamo masiku angapo oti enawo asankhepo. Akabwerera m'mbuyo pa mfundo imodzi yokha, ulendo umaima, ndipo ine ndimati kuimitsa koteroko n'kwanzeru.

Pakakhala mkhalapakati, ntchito imakula. Taganizani za mkangano wa malire a pa nyanja ndi Tanzania, pomwe ife timatsamira pa pangano la Heligoland la 1890, lomwe Britain ndi Germany adasainirana lokhudza malire. Joaquim Chissano, mtsogoleri wakale wa Mozambique, atalowa pakati, makalendala oti agwirizane adali atatu.

Okonza ulendo ochenjera amapezerapo mwayi pa misonkhano yodziwika kale: wa African Union ku Addis Ababa mu February, wa SADC mu August, ndi wa United Nations ku New York mu September. Nduna zimakhala pamodzi kale, choncho kukumana kwa mphindi 30 m'kachipinda kapambali kumapulumutsa tikiti ina.

Zolakwika zimakhala zing'onozing'ono. Pasipoti ya ukazembe sichotsa kufunika kwa viza ya ku America, ndiye mayina a gulu lonse apite msanga. Kuchokera ku Kamuzu International Airport mumasintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, choncho nduna ifike kutatsala tsiku lathunthu, isalowe m'zokambirana maso ali psuu ndi tulo. Mu September, New York imatsalira maola 6: ikamakwana 3 koloko masana kumeneko, ku Lilongwe ndi 9 koloko usiku, maofesi atatsekedwa kalekale. Malire a zomwe nduna ingavomere alembedwe isananyamuke.

Chinanso ndi kusaina. Pangano la ku Vienna la 1969 limalola nduna ya zakunja kusaina mapangano popanda kalata yoipatsa mphamvu. Koma ikadwala n'kutuma wachiwiri wake, iyeyo ayenera kunyamula kalata yomupatsa mphamvuyo, yotchedwa full powers, apo ayi akabwera chikalata chili chosasaina.