Mwana apite ndi dasitala, pafyumu asiyireni ena

Mayi wina wa ku Area 25 wandilembera pa imelo. Akuti mwana wawo ali mu Sitandade 4 pasukulu ina yapulaiveti, ndipo pagulu la WhatsApp la makolo mpikisano wayamba kale wa mphatso za pa 5 October, tsiku la aphunzitsi. Wina wajambula botolo la pafyumu, wina seti ya makapu. Iwo m'thumba mulibe kanthu. Funso lawo ndi ili: "Ndikapanga kanthu ndi manja, mwana wanga sakamuseka? Nanga ndipange chiyani, poti pa 15 pomwepa palinso tsiku la anakubala, ndipo ana aang'ono kunyumba kuno nawonso akuyang'ana ine?"

Amayi, kalata yanuyi yandiwiritsa magazi, ndipo si inu amene mwandikwiyitsa. Ndi gulu lanulo.

Ine ndine mwana wa mphunzitsi. Mayi anga anagwira choko pasukulu ina yapulaimale kumudzi, m'boma la Ntcheu. Anali pomwepo mu 1994 pamene boma linachotsa fizi m'sukulu za pulaimale, ana n'kukhamukira kusukulu dziko lonse, kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Inu amene simunaone nthawi imeneyo simungamvetse. Ana ena anali amsinkhu woti n'kukwatiwa, koma akuyamba Sitandade 1. Makalasi sanakwane. Mayi anapatsidwa mtengo wa mango ndi bolodi loyedzamira pathunthu, ana atakhala pansi mpaka kunja kwa mthunzi. Mvula ikagwa, sukulu yatha.

Chimene ndimakumbukira kwambiri ndi manja awo. Choko chimaumitsa khungu. Pofika October zala zawo zinkakhala zitang'ambikang'ambika m'mbali mwa zikhadabo, fumbi loyera litalowa m'ming'aluyo, moti ngakhale asambe ndi sopo mizere yoyera inkatsalabe. Bolodi ankafufuta ndi pepala lofinya, pepala likasowa ndi chikhatho. Madzulo ankabwera atasenza makope atawamanga m'chitenje, n'kuyamba kuchonga pa koloboyi mpaka maso kufiira. Makope akagwa panjira, ife ana awo ndife tinkathamanga kukatola.

Mphatso zinkabwera, musaganize kuti anthu akumudzi sayamika. Dzungu, nzimbe ziwiri, mtedza m'kansalu, kachewere m'kadengu. Bambo wina anabweretsa tambala mwana wake atasankhidwa kupita kusekondale. Panalibe tsiku lake loikika, panalibenso wojambula. Munthu ankafika, kukhala pamkeka, kupatsana moni wautali, kenako n'kutulutsa kanthu kake mwamanyazi ngati walakwa.

Ndiye panali kamtsikana kena, kosayankhula m'kalasi, kamene kankakhala ndi agogo ake. Kanatenga thumba la ufa, n'kulichapa mpaka zilembo kuzimirira, n'kulisoka kukhala chikwama cha makope. Ulusi unali wakuda pansalu yoyera, misoko yokhotakhota, lamba wina wamtali kuposa mnzake moti chikwamacho chinkalendewera chopendekeka. Pakona kanasokapo kaduwa ka chitenje chofiira, mwina pofuna kubisa chibowo. Mayi anachinyamula chikwama chimenecho mpaka chinabooka pansi, anachiika chigamba, chinabookanso. Nthawi yomweyo m'kabati mwathu munali matambula agalasi amene anapereka bambo wina wa golosale. Sanatulukemo. Ankadikira alendo olemekezeka, ndipo alendo atabwera mayi ankaopa kuti angasweke, n'kuwapatsa tiyi m'makapu a masiku onse.

Ndiye ndikamva kuti makolo akutumizirana zithunzi za pafyumu, ndimadzifunsa kuti akufuna aone ndani, mphunzitsi kapena makolo anzawo?

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Mwambi wabwino pakati pa anansi, koma pakati pa kholo ndi mphunzitsi ndi woopsa. Kholo likapereka ndi mtima woti likuika, likuyembekezera kudzatenga. Kudzatenga chiyani? Malikisi? Mpando wakutsogolo? Kuti mwana akalakwa mphunzitsi ayang'ane kumbali? Ndinena mosapsatira: mphatso yodula yopita kwa munthu amene akuchonga mayeso a mwana wako ili pafupi kwambiri ndi chiphuphu, ngakhale uikulunge m'pepala lonyezimira. Tonse timadandaula za katangale m'maofesi, koma mwana wa zaka 9 tikumuphunzitsa kuti wamkulu amafikiridwa ndi phukusi, ndipo phukusi lalikulu ndilo limamveka. Sukulu imene imalola mpikisano woterewu pagulu la makolo, osanena kanthu, nayonso ili ndi mlandu. Mphunzitsi wamkulu akanangolemba mzere umodzi woti mphatso ikhale yopangidwa ndi mwana, nkhani ikanathera pompo.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti aphunzitsi safuna ndalama. Amazifuna, ndipo akuyenera kulandira zambiri kuposa zimene amalandira. Mu 2021 tinaona aphunzitsi, motsogozedwa ndi bungwe lawo la TUM, akunyanyala ntchito chifukwa cha alawansi ya nthawi ya Covid-19. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro a mphunzitsi anafota limodzi ndi athu tonse. Koma limenelo ndi vuto la owalemba ntchito. Silingathe ndi pafyumu wa kholo limodzi, ndipo si inu, amayi, amene muyenera kugona ndi njala kuti mulithetse. Ngati muli ndi kochepa ndipo mukufuna kuonjezera, sopo kapena paketi ya shuga sizinanyozedwepo ndi mphunzitsi aliyense amene ndikumudziwa.

Chinanso chimene anzanu a pagulu aja sakudziwa n'chakuti mphunzitsi wa ku Malawi ndi katswiri wa zopangapanga. Ku koleji anaphunzitsidwa TALULAR, ndiko kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pamalo: zitsekerero za mabotolo zowerengera masamu, makatoni olembapo zilembo, timitengo, njere, dongo. Yemweyonso ndi amene amaphunzitsa Expressive Arts, phunziro la zaluso. Munthu woteroyo akalandira chinthu chosokedwa ndi mwana amachitembenuza, kuyang'ana msoko, n'kudziwa nthawi imene yapita pamenepo. Kwa iye ndi umboni kuti zimene amaphunzitsa zikulowa.

Ndipo manyazi amenewa a zinthu zamanja tinawatenga kuti? Alendo amaima ku Dedza kugula makapu adongo, amakhotera ku Mua kukaona zosemasema za ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Mipando yoluka imene mumaiona m'mbali mwa msewu imakwera ndege kukakhala m'nyumba za ku Ulaya. Ife eniake tikuthamangira maluwa apulasitiki a m'mashopu a m'tauni, amene pakatha miyezi iwiri amakhala atachita fumbi, mtundu utasuluka. Lichero la agogo timalibisa kukhitchini alendo akabwera. Izi zimandipweteka, ndipo ndikayamba kuzinena sindimaliza, ndiye ndilekeze.

Komabe pali mbali ina imene ndiyenera kunena, poti si chilichonse chamanja chimene chili chabwino. Pa intaneti padzaza timakadi tomwazidwa zonyezimira, timitima todulidwa m'mapepala amitundu, zinthu zofuna guluu wamfuti ndi maliboni amene mtengo wake ukuposa wa makapu aja. Zimenezo ndi za kwina, kumene mphunzitsi ali ndi desiki lakelake ndi khoma lopachikapo. Kuno zimathera m'dzala. Lamulo langa ndi limodzi: chinthucho chigwire ntchito m'manja mwa wolandirayo sabata yomweyo. Ndipo chipangidwe ndi mwanayo. Inu dulani nsalu, lowetsani ulusi pasingano, yambitsani msoko, kenako khalani pambali mulume mlomo. Mukachisoka nokha usiku n'kumuuza kuti akanene kuti wapanga yekha, mphunzitsi adzadziwa pongoona, ndipo mwana mwamuphunzitsa bodza.

Nanga akamuseka? Mwina. Ana amaseka chilichonse: nsapato, kametedwe, mbatata ya pa buleki. Sindingakulonjezeni kuti m'kalasimo mulibe kamwana kamwano. Chimene mungachite n'kumuuza kuti akapereke pa nthawi yopuma kapena poweruka, osati pamzere pamene aliyense akuonetsa zake, apereke ndi manja awiri, anene mawu ake ochepa. Mawa lake akadzaona aphunzitsi akufufuta bolodi ndi chinthu chake pamaso pa kalasi yonse, oseka aja adzakhala chete okha, poti pafyumu palibe adzamuone.

Za aphunzitsi

Pitani kwa telala wa pakhonde amene mumasoketsako, mupemphe zidutswa zotsala. Ena amangozisesa n'kuzitentha. Sankhani za chitenje cha thonje, zoterera zija sizigwira fumbi.

Dasitala ndiyo yosavuta. Dulani nsalu ya masentimita 20 kwa 30, ipindeni pakati mbali yokongola ili mkati, mwana asoke mbali ziwiri, mutembenuze. Mudzazemo tinsanza toduladula mpaka ilimbe bwino, chifukwa yofewa imaphwa msanga. Tsekani pakamwa, musokerepo kachingwe kopachikira pamsomali. Ngati muli ndi thaulo lakale, sokani kachidutswa mbali imodzi, limafufuta bwino kuposa chitenje. Mupange ziwiri, ina izigwira ntchito inzake ikachapidwa.

Ngati mwanayo ali ndi mtima wautali, chikwama cha makope. Mkati thumba la ufa kapena la mpunga lochapidwa, kunja chitenje. La feteleza lisiyeni. Malamba ndiwo amaduka, choncho muwapinde kanayi ndipo atsike mpaka pansi pa chikwama, asangogwira pakamwa pokha, poti makope a kalasi yonse ndi katundu. Chinanso ndi chitini choikamo choko ndi mabolopeni: chitini cha mkaka, mukhome m'mphepete mwake kuti musacheke, mwana achikulunge ndi chingwe cha khonje kuyambira pansi, mzere uliwonse ukukhudza unzake. Guluu mukasowa, phikani kaphala kamadzimadzi ka ufa wa chinangwa, kamamata ndithu, koma muumitse padzuwa tsiku lonse, apo ayi chichita nkhungu ndipo mphemvu zidzakuthokozani.

Za pa 15 October, anakubala ambiri amafunitsitsa chitenje, tisanamizane, ndipo amene angathe agule. Amene sangathe, zidutswa zomwe zija zimapanga zogwirira mapoto: nsalu zinayi kapena zisanu zosanjikiza, zosokedwa mopingasa kuti zisasunthe, za thonje zokhazokha chifukwa za nayiloni zimasungunuka pamoto n'kumata pachala. Mnyamata wodziwa kugwira mpeni aseme mthiko, aupale ndi sandipepa kapena chidutswa cha botolo wamkulu ali pomwepo. Atsikana amakonda mikanda ya mapepala: kalendala yakale yonyezimira, kudula timizere tatitali tosongoka kumapeto, kukulunga pa kawaya kuyambira mbali yaikulu, kumata nsonga, kupaka kiyuteksi wopanda mtundu, n'kutunga pa ulusi wolimba.

Ana aang'onowo musawavutikire kwambiri. Wamng'ono kwenikweni musokereni kachidole ka nsalu kodzaza nsanza, maso ndi pakamwa zosokedwa ndi ulusi. Mabatani ndi mikanda ayi, zimathera pakhosi kapena m'mphuno. Wokulirapo mupatseni mawaya, patapata wakutha wodula mateyala, ndi mkulu wake kapena amalume ake Loweruka limodzi. Galimoto imene ituluke pamenepo adzaikonza yekha ikathyoka, zimene sangachite ndi ya mabatire. Ingoonetsetsani kuti nsonga iliyonse ya waya yapindidwira mkati.

Munafunsanso kumapeto kwa kalata yanu za mphatso ya bambo a m'nyumba. Amenewo adikire Khirisimasi. Yambani ndi telala mawa, chifukwa September uno akusoka mayunifolomu ndipo zidutswa zili mbwee pansi pa makina, koma amayi ogulitsa zopondera pakhomo nawonso amazifuna ndipo amalawira.