Kanyama komwa uchema usiku uliwonse koma osadzandira

FUNSO: Ndinamva pa wailesi kuti ku Malaysia kuli kanyama kamene kamamwa mowa usiku uliwonse koma sikaledzera. Kodi n'zoona? Nanga ndi mtundu wa changa kapena wa gologolo? Wowerenga wa ku Salima

YANKHO: Munamva zoona. Kanyamako dzina lake la sayansi ndi Ptilocercus lowii, ndipo kamapezeka m'nkhalango za ku Malaysia, Borneo, Sumatra ndi kumwera kwa Thailand. Si changa, si gologolo, si swiswirinso. Kali m'gulu la tinyama totchedwa treeshrew, ndipo m'gulu lonselo ndi kokhako koyenda usiku. Kamalemera magalamu 40 mpaka 60 basi. Mungakazindikire ndi mchira: ndi wopanda ubweya ngati wa khoswe, koma kunsonga kuli ubweya woyera woyala mbali ziwiri ngati nthenga. Masana kamagona m'mphako pamodzi ndi tinzake.

Tsono za mowazo. Kumeneko kuli mtengo wa mtundu wa kanjedza wotchedwa bertam, umene maluwa ake amatulutsa timadzi totsekemera kwa milungu ingapo asanatseguke. Yisiti yokhala pamaluwapo imasasitsa timadzito, monga uchema umasasira wokha m'chigubu, mpaka kuchita thovu ndi kununkha mowa. Ukali wake nthawi zambiri supitirira 1 peresenti, koma umatha kufika 3.8 peresenti. Kafukufuku amene Frank Wiens ndi anzake anafalitsa mu 2008 anasonyeza kuti kanyamaka kamatha maola opitirira awiri usiku uliwonse kakunyambita timadzito. Atapima ubweya wake anapezamo ethyl glucuronide, chizindikiro cha mowa umene thupi lagaya, wochuluka kuposa wa m'tsitsi la zidakwa. Komatu sanakaone kakudzandira kapena kuphonya nthambi.

Chinsinsi chikuoneka kuti chagona pa kagayidwe: thupi lake limamata mowawo ku mtundu wina wa shuga n'kuutaya msanga, njira imene thupi la munthu limagwiritsa ntchito pang'ono chabe. Musayesere kupikisana nako.

Mtengowo sutaya mowa wake pachabe. Kanyamaka pokwera maluwa kamadzipaka mungu n'kukausiya pa bertam wina. Kamadyanso tizilombo ndi zipatso. Vuto lake lalikulu ndi kudula nkhalango pofuna matabwa ndi minda ya kanjedza wa mafuta, chifukwa mitengo yakale yamphako ikagwa kamasowa pogona.